Kodi vuto lopezeka mu Linux Mint limakanenedwa kwa ndani?

Akuluakulu odziwa za Linux, ndikupempha nzeru zanu. Linux Mint imamangidwa pa Ubuntu ya LTS (mtundu wa Ubuntu wosamalidwa kwa zaka zambiri), imene imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse, ndipo Ubuntu nayo, kuyambira mu 2004, imatenga mapulogalamu ambiri ku nthambi ya Debian yotchedwa unstable n'kuwasintha apa ndi apo. Za Cinnamon, pulogalamu ya maonekedwe a pa sikirini ya Mint, sindikayikira kokanena, chifukwa eni ake ndi a Mint. Koma tiyerekeze kuti pulogalamu yosindikizira yasiya kuona printa: nkhaniyo ipite kwa a Mint, a Canonical (kampani yopanga Ubuntu), kapena a Debian? Chondivuta kwambiri n'chakuti a Ubuntu akakonza vutolo kwawo, kodi kukonzako kumabwereranso ku Debian, kapena ogwiritsa ntchito LMDE, Mint ina imene imatenga ku Debian mwachindunji, amangotsala nalo? Amene munanenapo vuto lotere, chonde ndiuzeni poyambira.