Gulu la Mbumba ya Gogo Nachisale: za kutuluka kwa amalume m'chipatala

Fredson (Blantyre): Makolo ndi abale nonse, ndakupatsani moni. Ndikuchokera ku Queens, ndipo adokotala anena kuti amalume atuluka Lachinayi ngati chilonda chipitirize kuuma bwino. Pa opaleshoni ija anadula gawo la matumbo aakulu pamene panali chotupa cha khansa, kotero kuti pakali pano chimbudzi chikutulukira pa kabowo kamene anawatsegula pamimba n'kumagwera m'thumba lomatidwa pakhungu. Ndikupempha kuti tigwirizane lero za galimoto, za wowasamalira ndi za munda.

Mayi aang'ono (Luchenza): Zikomo mwanangu chifukwa chogonera m'chipatala masiku onsewa. Achimwene asakwere minibasi, chifukwa mabampu a msewu wolowera kumudzi kuchokera pa Makwasa mukuwadziwa nonse, makamaka mvula ikagwa. Ine ndipita kukakhala nawo milungu iwiri yoyambirira, popeza alamu nawonso miyendo ikuwavuta. Nandolo ndi kalongonda ndawasungira kale.

Chisomo (Mulanje): Amayi aang'ono, pepani ndilankhule ngati namwino pang'ono. Nandolo, kalongonda, nyemba ndi kabichi zimadzaza mpweya m'thumba lija, ndipo amalume adzachita manyazi pamaso pa alendo. Milungu yoyambayi tiwapatse phala la ufa woyera, nsima yofewa, mazira, nsomba ndi nthochi zakupsa, pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku, ndipo madzi asamawasowe. Chinanazi, mango aulusi ndi chimanga chokazinga ziyambe zadikira kaye, chifukwa zimatha kutseka njira. Khasu, nkhwangwa kapena thumba la feteleza asakhudze kwa milungu 6 mpaka 8, apo ayi pafupi ndi kabowoko padzatuluka chophuka.

Mayi aang'ono (Luchenza): Ndamva, ngakhale kuti kuwaletsa khasu achimwene amenewa ndi nkhondo ina, pajatu chimanga chafika popalira.

Yohane (Johannesburg): Za munda zisiyeni m'manja mwanga, ndilipira aganyu mpaka kubandira. Za galimoto ndi matumba osinthira ndikuganiza kuti aliyense wogwira ntchito asonkhe K20,000 pa Mpamba ya achimwene a Fredson pofika Lachitatu madzulo.

Fredson (Blantyre): Ndathokoza. Palinso nkhani ina yolemera imene adokotala anandiuza kuti ndisaisunge ndekha. Khansa imeneyi kawirikawiri imayamba ngati tizotupa ting'onoting'ono tomera mkati mwa matumbo, timene iwo amatitcha ma polyp, ndipo m'matumbo mwa amalume anapezamo tina titatu. Anati abale awo a mimba imodzi ndi ana awo ayenera kukaunikidwa.

Mayi aang'ono (Luchenza): Ine sindikumva kuwawa paliponse, ndipo ndinamva kuti amalowetsa chipangizo kunjira ya chimbudzi. Pa msinkhu wangawu, zimenezo ndi zoti ndikachititsidwe ndi ana?

Chisomo (Mulanje): Amayi, vuto lake ndi lomwelo, kuti tizotupati sitipweteka, ndipo timatha kukhala zaka pafupifupi 10 tisanasanduke khansa. Kumbukirani kuti amalume anataya chaka chathunthu akumwa mankhwala a kamwazi ndi a likodzo, magazi akuonekabe m'chimbudzi, thupi likutha, ife n'kumati ndi ntchito ya m'minda ya tiyi imene yawafoola. Kaunikidwe kameneka, kotchedwa colonoscopy, kamachitika ndi kapaipi kofewa kokhala ndi kamera. Dzulo lake munthu amamwa mankhwala otsuka m'mimba, ndipo akapeza kachotupa amatha kukachotsa nthawi yomweyo popanda kung'amba pamimba. Amalume awapeza ndi matendawa ali ndi zaka 58, choncho ana awo ayambe kuunikidwa akafika zaka 40, koma inu ndi amayi anga nthawi yake inakwana kale. Ndidzakuperekezani ndekha, ndipo sindidzachoka pakhomo la chipindacho.

Mayi aang'ono (Luchenza): Ngati achemwali akupita, nanenso ndipita, koma nkhani ya thumba la achimwene isatuluke m'gulu lino, adzauza anthu eni ake akafuna.

Fredson (Blantyre): Zamveka, amayi. Chisomo, ubwere Lachitatu m'mawa kuti anamwino atiphunzitse tonse awiri kusintha thumba ndi kutsuka khungu, ndiponso tifunse za kalata yotumizira amayi awiriwa kokaunikidwa. Galimoto idzanyamuka pa Queens Lachinayi akangomaliza kuyendera odwala, ndipo amayi aang'ono tidzawapeza pa Thyolo Boma.