Exit gradient ikukana, wowunika wabweza mapulani

Chitsime77:
Abale thandizeni, mutu wazungulira. Barrage (chotchinga mtsinje chokhala ndi mageti) yopatutsira madzi ku ngalande yothirira, pansi ndi mchenga wosalala. Head (kusiyana kwa msinkhu wa madzi kumtunda ndi kumunsi) mamita 4, floor (konkire ya pansi) kutalika mamita 46, sheet pile (khoma la zitsulo zokhomera pansi) ya kumtunda kuya mamita 5, ya kumunsi 2. Mwa kawerengedwe ka Bligh creep length (mtunda umene madzi amayenda pansi pa barrage) ikukwana mamita 60 ndendende, ndiye head kuchulukitsa ndi C ya 15. Koma mwa kawerengedwe ka Khosla exit gradient (muyeso wa mphamvu ya madzi potumphukira kumunsi) ikutuluka 1/5.4, wowunika akufuna 1/7. Kontrakitala akuti makina ake sangakhome pile yotalika. Ndipange bwanji?

Mkulu_wa_ngalande:
Talikitsani floor basi. Njira ya Bligh yagwira ntchito kuyambira 1910.

Nyenyezi:
Ayi bambo. Ndi pile ya mamita 2, kuti afike pa 1/7 floor ifunika pafupifupi mamita 77. Konkire yonseyo alipira ndani? Pile ya kumunsi ikafika 3.5 ndapeza 1/7.3, floor yomweyo. Madzi amatumphukira m'mphepete mwa pile ya kumunsi, kuya kwake ndiye nkhani. Achimwene samalani: mukaikuza pile imeneyo, uplift (mphamvu ya madzi yokankhira m'mwamba) pansi pa floor imakwera. Makulidwe a floor muwawerengerenso, h (head ya uplift pamalopo) kugawa ndi (G kuchotsa 1), G ndi kulemera kwa konkire poyerekeza ndi madzi, makamaka pamene pakukhala hydraulic jump (pomwe madzi othamanga amatukumuka mwadzidzidzi), chifukwa madzi opondereza pamwamba amachepa pamenepo.

Mkulu_wa_ngalande:
Achinyamata mumakonda masamu ambiri. Ine ndamanga ndi Bligh, mpaka lero zilipo.

Kamtsinje:
Zilipo chifukwa mtsinje sunaziyese. Kwina komwe ndinagwirako, chigumula chitadutsa tinapeza mchenga ukubwadamuka kumunsi kwa apron (mbali ya kumunsi ya floor) ngati phala pamoto. Madzi otuluka anali amatope, ndiye kuti pansi pakudyeka. Tinathira miyala usiku ndi matochi. Inverted filter (sefa ya mchenga ndi miyala yoletsa dothi kutuluka ndi madzi) inali pa pepala pokha, omanga anaidumpha.

Komanso mamita 2 mwawatenga kuti? Scour (kukumbika kwa pansi pa mtsinje) ya Lacey mwaiona? R, kuya kwa dzenje, ndi 1.35 kuchulukitsa cube root ya q² pa f; q ndi madzi odutsa pa mita imodzi ya m'lifupi, f ndi nambala yotengera kukula kwa mchenga. Pamchenga wosalala f imakhala yochepa, dzenje limazama. Pile yosafika pa 1.5R ikhoza kutsala m'malere, za gradient zisanayambe n'komwe.

Mkulu_wa_ngalande:
Ndanena kale, floor yaitali. Mukafuna chitani ndi njira ya Lane, ya 1935.

Nyenyezi:
Lane yemweyo amawerengera njira yopingasa, ya pansi pa floor, gawo limodzi mwa atatu. Ndiye akukutsutsani bambo.

Kamtsinje:
Kontrakitalayo musamumvere pakamwa pokha, apereke borehole log (lipoti la zomwe anapeza poboola nthaka). Ngati pali miyala pansi, diaphragm wall (khoma la konkire lothiridwa m'dzenje) ilipo. Ndipo pile ikang'ambika pa interlock (polumikizana zitsulo) pokhoma, masamu onse aja apita.

Dambo_Eng:
Pepani kulowerera. Crest (pamwamba podutsa madzi) ya head regulator (mageti olowetsa madzi mu ngalande) mwaikweza bwanji pamwamba pa ya undersluice (mageti otsukira mchenga)? Ife yathu inachepa, ngalande imadzaza mchenga chaka ndi chaka, alimi amafukula ndi mafosholo. Alipo anayesapo kuika silt excluder (chopatutsira mchenga usalowe mu ngalande) pa barrage yomangidwa kale?

Mkulu_wa_ngalande:
Imeneyo ndi nkhani ya oyendetsa mageti, osati mapulani.