Hanimuni ku Zanzibar: tikadye kuti chakudya cha eni ake?

Mkwatibwi wa ku Chilomoni

Moni nonse. Ukwati wathu uli mu Ogasiti, ndipo ine ndi abwenzi anga tagwirizana kuti ndalama za perekaniperekani zikatsalako titalipira holo ndi ophika, tikapumule ku Zanzibar. Tikwera ndege mpaka ku Dar es Salaam, kenako boti. Tigona kaye mu Stone Town, tauni yakale ya pachilumbapo, ndiye tikamalizire kunyanja ku Nungwi.

Pomwe tasemphana ndi pa chakudya. Hotela imene taipeza ku Nungwi ikuti tilipiriretu zonse, kadzutsa, nkhomaliro, mgonero ndi zakumwa zomwe. Abwenzi anga akuti zili bwino choncho, sitikavutika. Koma ndikayang'ana zithunzi zawo ndikungoona pasta, tchipisi ndi baga, zomwe ndingadye ku Blantyre konkuno. Ine ndimakonda kuphika, ndipo ndikufuna ndikalawe zimene anthu a kumeneko amadya m'makomo mwawo. Chondiopsa n'chakuti m'mimba mwanga simuchedwa kuvuta. Abwenzi anga amamwako mowa pang'ono, ine ayi. Amene munafikako, tithandizeni: tikadye kuti, tikadye chiyani, nanga tipewe ziti?

Mayi wa ku Area 18

Asisi, zabwino zonse pa ukwati wanu. Ife tinapita komweko titangokwatirana, ndipo tinakukonda moti tinabwererako ana atakulako.

Musalipiriretu zonsezo. Lipirani chipinda ndi kadzutsa basi. Munthu ukalipiriratu, phazi limalemera kutuluka pageti, chifukwa mtima umangoti nkhomaliro ndalipira kale, ndikadyerenji kwina. Mapeto ake mumabwerera kumudzi musanalawe chilichonse cha pachilumbapo.

Chachikulu chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: chakudya chabwino cha ku Zanzibar chimadyedwa masana. Alendo ambiri amasunga njala kudikira madzulo, pamene miphika ya eni ake imapsa cha m'ma 12 koloko, ndipo ikamakwana 3 koloko zokomazo zatha. Ndiye nthawi ya nkhomaliro yang'anani komwe akulowa ogwira ntchito m'maofesi, madalaivala ndi amayi ochokera kumsika. Mu Stone Town, cha ku Mkunazini, kuli malo odyera otchedwa Lukmaan. Chakudya chonse chimakhala poonekera, mumangoloza chimene mwachifuna, ndiye ngakhale Chiswahili musachidziwe simusowa chonena. Kulinso amayi ophika m'timisasa, amene amawatchula kuti mama lishe. Ndi ngati chiimirire cha kwathu kuno, kungoti kumakhala kabenchi. Kwa amenewa n'kumene mungadye zofanana ndi za m'makomo.

Popeza mwati mumakonda kuphika, muyambe ndi wali wa nazi, mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati. Mayi wina wa kumudzi cha kum'mawa kwa chilumbacho anandilola kukhala naye pophika, ndipo ndinaonerera zonse. Anakhala pa kampando kakafupi kokhala ndi kachitsulo ka mano kutsogolo kwake, n'kumapala kokonati wong'ambidwa pakati, zoyerazo zikugwera m'mbale. Kenako anathirako madzi ofunda pang'ono n'kufinya ndi manja. Mkaka woyambawo, wokhuthala, anauika pambali. Anathiranso madzi n'kufinya kachiwiri, ndipo wopyapyalawo ndi umene anaphikira mpunga ndi nyemba. Wokhuthala uja anadzathira m'ndiwo chakumapeto, moto atauchepetsa, akutakasa osaleka kuti usadukeduke. Ndiye ndinamvetsa chifukwa chake msuzi wawo umakoma mosiyana ndi wa kokonati wa m'chitini.

Ndi mpunga umenewo itanitsani samaki wa kupaka. Nsombayo amayamba aiwotcha pamakala, kenako amaipaka msuzi wa kokonati wokhala ndi adyo, tsabola ndi zowawasa ngati ndimu kapena bwemba, n'kuibwezeranso pamoto. Ife a chambo timaona ngati nsomba tinaimaliza, koma iyi ili ndi malo akeake. Pweza wa nazi musamuope. Ndi kanyama ka m'nyanja ka miyendo 8 kaja, ndipo akakaphika bwino m'kokonati kamafewa, sikanunkha. Amuna anga anayamba ndi kukana, kenako mbale yanga anaimaliza ndi iwo. Masamba aliponso: mchicha ndi bonongwe yemweyu, ndipo kisamvu ndi chigwada, koma chotendera kokonati. Chigwada chimenecho ndimachilakalaka mpaka pano.

Pilau mudzampeza paliponse. Mpunga wake amaphikira limodzi ndi nyama ndi masipaisi, ndipo umatuluka woderako. Biriani ndi wina: mpunga paokha, msuzi wokhuthala wa nyama paokha, ndipo ambiri amaphika Lachisanu. Ngati Lachisanu lidzakupezeni m'tauni, nkhomaliro yake ikhale imeneyo.

Tsopano za Forodhani, chifukwa aliyense adzakuuzani kuti mupiteko. Ndi paki ya m'mphepete mwa nyanja, moyang'anana ndi linga lakale lija la Old Fort. Dzuwa likamalowa anthu amayala matebulo, nyale zimayaka, anyamata akudumphira m'nyanja kuchokera pakhoma. Pitaniko ndithu, malo ake ngoyenera anthu amene angokwatirana. Koma ndi m'mimba mwanu momwe mwafotokozeramo, milu ya nkhanu, lobster ndi nsomba zotungidwa pa timitengo muziyang'ana ndi maso okha. Zambiri zimakhala zophikaphika kale, amangozitenthetsa, ndipo simungadziwe kuti zakhala patebulopo nthawi yaitali bwanji. Idyani chimene chikuphikidwa inu mukuona. Zanzibar pizza ndi choncho: amatambasula kamtanda ka ufa wa tirigu mpaka kupyapyala, n'kuikapo nyama yogaya, anyezi, dzira ndi mayonezi, amapinda m'mbali, n'kukazinga pachiwaya pamaso panu. Iliponso ya nthochi ndi chokoleti.

Koma chimene ine ndimayendera ndi urojo. Ndi msuzi wachikasu, wowawasa chifukwa cha mango aawisi kapena ndimu, wokhuthala pang'ono ndi ufa. M'mbalemo amayamba aika mbatatesi yowiritsa, bajia, dzira mukafuna, ndi tinyama towotcha ta mishkaki. Ndiye amathira msuziwo uli wotentha, pamwamba n'kuwazapo tichinangwa tokazinga tokhukhuta, tchatine cha kokonati ndi tsabola. Tsabolayo nenani msanga kuti pang'ono, dzanja lawo ndi lolemera. Urojo wabwino amagulitsanso m'tinjira ta m'kati mwa tauni chakumadzulo, pomwe mwaona amayi ndi ana a sukulu ataima pamzere.

Chakumwa chanu inu osamwa mowa ndi madzi a nzimbe. Amafinya nzimbe pamakina limodzi ndi jinja ndi ndimu. Uzani wogulitsayo kuti asaikemo ayisi, ndipo madzi akumwa muzigula a m'botolo otseka. Masana kukatentha gulani dafu, kokonati wanthete amene amamusema pamwamba inu mukuona. Mukamaliza kumwa mubwezereni wogulitsayo, akupalirani zofewa za m'katimo. Mtengo muzifunsiratu asanayambe kukonza, mawu ake ndi "bei gani", ndipo muziyenda ndi mashilingi ang'onoang'ono, chifukwa pepala la 10,000 limavuta chenje pa malo ngati amenewa.

Bambo wa ku Mangochi

Mwana wanga, mayiwa anena zoona. Ine ndimapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu, ndipo ndikapeza mpata ndimaolokera kuchilumbako. Ndiwonjezereko za khalidwe, chifukwa anthu a kumeneko pafupifupi onse ndi Asilamu, ndipo mukawalemekeza amakutsegulirani mtima, ngakhale khitchini yomwe.

Malo odyera a eni ake ambiri sagulitsa mowa. Mkamwini wathuyo akafuna botolo lake akamwere kuhotela kapena ku malo a alendo, asayende nalo mumsewu. Inunso mukamalowa m'tauni kapena m'mudzi, mapewa ndi mawondo zikhale zofunda. Chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhani yonse. Kudya ndi dzanja lamanja, kulandira chinthunso chimodzimodzi. Lachisanu masana ambiri amatseka kupita ku mzikiti, ndiye biriani wanenedwayo mukadye mapemphero asanayambe kapena atatha. Ramadan zaka zino ikumagwa cha mu Febuluwale ndi Malichi, Ogasiti wanuyo simukumana nayo. Koma ena owerenga pano adziwe kuti mwezi umenewo malo ambiri satsegula masana, ndipo kudya poyera anthu akusala n'kusowa ulemu.

M'mawa mupite pa Jaws Corner, kabwalo kakang'ono m'kati mwa Stone Town komwe abambo amakhala pamakonde kumwa khofi ndi kukambirana nkhani. Khofi wake ndi wakuda, wopanda shuga, wa m'tikapu tating'ono topanda chogwirira. Shuga wake ndi kashata, kachidutswa ka mtedza kapena kokonati kophika ndi shuga, mumaluma pang'ono n'kupsontha khofi. Pamakhala amuna ambiri, koma mlendo wamkazi amene ali ndi mwamuna wake samubweza. Perekani moni kaye musanaitanitse.

Chimodzi ndikuchenjezeni mwamphamvu. Wina akakupatsani nyama ya fulu wa m'nyanja, kanani. Nthawi zina imakhala ndi poizoni amene sachoka ngakhale muiphike bwanji. Mu Malichi 2024 anthu 9 anamwalira pa chilumba cha Pemba, kufupi ndi Zanzibar, atadya nyama imeneyi, 8 mwa iwo anali ana.

Mnyamata wa ku Karonga

Achemwali, ine ndisiyana nawo pang'ono amayi a ku Area 18. Za Stone Town ndikuvomereza zonse. Koma Nungwi ndi kwina. Kuchokera m'tauni ndi ulendo wopitirira ola limodzi pagalimoto, ndipo mahotela ena ali patali ndi mudzi. Usiku mutatopa ndi kusambira simudzafuna kusakasaka kodyera mumdima. Ngati hotelayo ikulola kulipira kadzutsa ndi mgonero, nkhomaliro n'kusiya, tengani zimenezo. Mukatero achimwenewo mtima ukhala m'malo, inunso masana ndi anu.

Ku Nungwi dzukani m'mamawa mupite kugombe komwe amakocheza asodzi. Nsomba amagulitsa pa okushoni pomwepo, zina zazitali ngati munthu, ndipo chapafupi pali amisiri okhoma mabwato a matanga aja. Timalo todyera tina ta m'mudzimo timalola kuti mubwere ndi nsomba yanu akuwotchereni, mungogwirizana mtengo. Nsima ikakusowani itanitsani ugali, ilipo, kungoti ndi yolimbirako. Chipsi mayai, tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira, chimapulumutsa tsiku limene m'mimba simukufuna zachilendo. Achimwene akalawe mowa wa Kilimanjaro, Safari ndi Serengeti. Konyagi ndi kachasu wa m'botolo, apite naye pang'onopang'ono padzuwa lija. Inu Stoney Tangawizi wozizira akukwanirani.

Musadye zamafuta musanakwere boti. Ndi maola pafupifupi 2 panyanja, ndipo miyezi imeneyo mphepo yochokera kum'mwera imautsa mafunde.

Mkwatibwi wa ku Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera abwenzi anga ndipo avomera za kadzutsa ndi mgonero ku Nungwi, m'tauni tizidya kunja. Mayi a ku Area 18, ndifunseko ziwiri. Kadzutsa wa eni ake ndi wotani? Komanso ndikufuna kudzawatengera apongozi anga kanthu ka kukhitchini, ndikagule kuti osandidyera masuku pamutu?

Mayi wa ku Area 18

Kadzutsa tsiku lina mumusiye wa kuhotela, mutuluke cha m'ma 7 koloko. Mudzapeza amayi atakhala pamakomo ndi mabeseni ovundikira. Gulani vitumbua, zitumbuwa za ufa wa mpunga ndi kokonati zonunkhira iliki (cardamom), zofewa m'kati. Palinso mkate wa ufuta, buledi wafulati wowaza chitowe pamwamba, amene amakoma ndi nyemba za kokonati, ndi mandasi awo amene sachulutsa shuga. Tiyi wake ndi wa jinja kapena wamkaka wowiritsira limodzi ndi masipaisi. Zonsezi zimakhala zongophulidwa kumene, m'mimba mwanu sizikuvutani.

Za apongozi pitani pa msika wa Darajani, m'mphepete mwa Stone Town. Ndi msika wakale, wa mu 1904, ndipo eni tauni amagula pomwepo. Mbali ya nsomba ndi nyama fungo lake ndi lamphamvu, ngati simulimba mtima ingodutsani mulunjike kwa a masipaisi. Musatengeke ndi timapaketi tokongoletsedwa tokonzera alendo. Funsani zoyeza pasikelo, ndipo gulani zathunthu, osati zogayagaya: karafuu (cloves), iliki, makungwa a sinamoni, tsabola wakuda ndi binzari nyembamba (cumin) ya pilau. Zathunthu zimasunga fungo miyezi yambiri, ndipo mumaona ndi maso chimene mukugula. Karafuu wabwino mukamukanda ndi chikhadabo amatulutsa timafuta. Yendani mabenchi angapo kufunsa mtengo musanatulutse ndalama, ndipo kunenerera n'kololedwa.

Mukapita kokaona minda ya masipaisi cha ku Kizimbani, sankhani ulendo umene uli ndi nkhomaliro yophikidwa kumudzi komweko, ndipo mupemphe kulowa nawo kukhitchini. Ana a kunyumba muwatengere ubuyu, malambe okutidwa ndi shuga wofiira ndi katsabola pang'ono. Halua, chakudya chotsekemera chonanda chija, apongozi akaikonda ndi tiyi, koma imeneyo mugule tsiku lonyamuka, ndipo muikulunge bwino chifukwa imachucha mafuta m'chikwama.