Thandizeni amisiri, kasitima kanga kamatabwa kakungogona chammbali m'madzi

Mphunzitsi Wopuma, Mangochi Boma:

Moni nonse apagulu. Pepani ndilemba zazitali, aphunzitsife kufupikitsa nkhani sitidziwa.

Nditapuma ntchito ndinamanga kashedi ka malata akale kuseri kwa nyumba, ndipo ndi mmene ndimaswera masiku ano. Ukalipentala sindinaphunzire. Ndili ndi sowo imodzi, matchizulo awiri, tupa, hamala ndi puleni yomwe anandisiyira malemu bambo anga. Ndakhomako timipando ndi khola la nkhunda, basi. Ndiye chaka chino mdzukulu wanga wa zaka 9 anaona Ilala itakocheza ku Monkey Bay. Chibwerereni kumeneko sakundipumitsa, akuti agogo mundipangire yanga. Ndinavomera msanga ngati n'zophweka.

Ilala yeniyeniyo ndi yotalika mamita pafupifupi 52. Ndinagawa ndi 50, ndiye kangaka kakupitirira mita imodzi pang'ono. Pulani ndilibe, ndimadalira zithunzi za pafoni ndi zomwe ndikukumbukira, poti ndinaikwerapo kawiri popita ku Nkhata Bay ndili mnyamata. Thupi lake ndinapanga nthiti za paini n'kumatapo timatabwa topyapyala ta paini yemweyo ndi guluu woyera uja wa akalipentala. Zipinda zapamwamba ndi chumuni ndinasema ndi zidutswa za mlombwa zomwe ndinapempha kwa anzanga okhoma zitseko, chifukwa mlombwa ukaupaka vanishi umakongola, nanga si mukuudziwa.

Loweruka tinakayesa m'thanki ya simenti ya anansi athu amene akumanga nyumba. Ndinakaika bwinobwino, mwana atagwada m'mphepete, anzake atatu ataima kumbuyo. Nditangochotsa manja kanaima pang'ono, kenaka kanayamba kupendekera kumanzere pang'onopang'ono mpaka chumuni inagunda madzi. Ndinakadzutsa, kanagwera kumanja. Mwana sanalire, anangondiyang'ana. Bola akanalira. Titakavuula patapita mphindi ngati 20, guluu uja anali atayeranso ngati mkaka ndipo timatabwa tiwiri ta kutsogolo tinali titakanuka.

Ndalakwitsa pati? Kodi vuto ndi mtengo kapena guluu? Ndipo ndili ndi kamota kochokera mu wailesi yakale ya kaseti, ndimafuna kazidziyendera kokha. Zingatheke? Mwanayu ndinamulonjeza kuti pofika Khirisimasi kakhala kali pamadzi.

Fundi wa Maboti, Makawa:

Aphunzitsi, za guluu zibwere pambuyo. Chakugwetsani ndi mlombwawo. Mwasenzetsa sitima katundu pamutu pamene m'mimba mulibe kanthu. Simunaonepo boti likuchokera ku chilimira? Ukonde, nsomba, mafuta, zonse timaika pansi, ndipo mwera ukayamba timakalipira aliyense woimirira kuti akhale pansi. Chotsani zipindazo muone ngati sikaima chilili. Kenaka ikani zitsulo pansi penipeni, motsatira msana wake kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Mabawuti akale akwana. Muwamate asamagubuduke, apo ayi kazipendekera komwe athawira.

Mphunzitsi Wopuma:

Zikomo a Fundi. Koma mlombwawo ndi umene ukukongoletsa. Ndinatha masabata atatu ndikusema zipinda zimenezo, mawindo ndinaboola limodzilimodzi.

Fundi wa Maboti:

Ndiye musankhe, bambo. Kokongola ka pa kabati kapena koyandama.

Mnyamata wa Zamakina, Blantyre:

Madala, a Fundi akunena zoona, ndingowonjezera masamu poti ndinu mphunzitsi. Mwachepetsa zonse ka 50. Ndiye kuti khoma la kachipinda kanu likakhala lochindikala sentimita imodzi, pa sitima yeniyeni ndi khoma la masentimita 50. Palibe sitima ili ndi makoma otero pamwamba. Ngati zipindazo ndi zigogo zosagoba mkati ndiye kwaipiratu. Chinanso, kutalika mwagawa ndi 50, koma kulemera kumayenera kugawidwa ndi 50 katatu, 50 x 50 x 50, yomwe ndi 125,000. N'chifukwa chake kulemera pang'ono kokha kukapita malo olakwika kasitima kamamva msanga.

Chitani izi. Jambulani mzere pathupi pomwe mukufuna madzi azilekeza. Ikani thupi lokhalo m'madzi, muzithiramo mchenga wouma wa m'timapepala ta pulasitiki mpaka limire kufika pamzerewo. Mchengawo mukayeze pa sikelo. Kulemera kumeneko ndiye malire anu, zipinda, mota, mabatire ndi zitsulo zonse pamodzi zisapitirire pamenepo, ndipo gawo lalikulu likhale la pansi. Mukadzapanga thupi lina mudzaonjezere kuya kwake ndi sentimita imodzi kapena awiri kunsi kwa mzerewo. Palibe adzaone poti n'kumadzi, koma kadzakhazikika bwino.

Wodutsa Chabe:

Zinthu zavuta chonchi, ufa wakwera, munthu wamkulu n'kumatanganidwa ndi zidole? Kkkkk penshoni ikukoma.

Mphunzitsi Wopuma:

Mwanawe, ufa ndinagula dzulo. Ukadziwa za guluu undiuze.

Kalipentala wa ku Namwera:

Akuluakulu, ine ndilankhulepo za mtengo ndi guluu poti ndi ntchito yanga. Guluu woyera uja ndi wa mipando ya m'nyumba. Akanyowa nthawi yaitali amafewa, n'zimene munaonazo. Gulani epoxy, uja wa machubu awiri osakaniza, m'mahadiweya amapezeka. Koma kutentha kwa ku Boma kwanuko sikufanana ndi kuno kumapiri, amauma musanamalize kupaka. Muzisakaniza pang'onopang'ono pa kachitsekerero ka botolo, makamaka m'mawa. Mukamusakaniza ndi utuchi wosefa amatseka bwino ming'alu.

Paini amene timagula m'misikamu nthawi zambiri amakhala asanaumitsitse. Ukamuwaza timatabwa topyapyala amapindika n'kukoka guluu. Ine ndikanakhala inu ndikanasiya zomata timatabwazi, n'zovuta kwa munthu woyamba kumene. Pezani matabwa a malaina ouma bwino. Malaina ndi wopepuka, sapindika wamba ndipo tchizulo imangolowa ngati m'sopo. Dulani matabwa anayi kapena asanu m'maonekedwe a sitima mukaiyang'ana kuchokera pamwamba. Apakatiwo muwagobe mkati musanamate, kusiya m'mbali mokha, la pansi lokha likhale lathunthu. Sanjikizani ndi epoxy, tsinjikizani ndi njerwa usiku wonse, mawa lake semani kunja ndi puleni ndi tupa mpaka masitepe aja atha. Mukagula matabwa aawisi muwasanje pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, ndipo musafulumire, malaina amachedwa kuuma. Khirisimasi ingakupitirireni, ndiye funsani kwa akalipentala ngati ali ndi zotsala zakale.

Penti ikhale ya mafuta, ndipo mupake ndi mkati momwe. Ambiri amaiwala mkati, madzi akangolowa pang'ono mtengo umatupa.

Bambo a Mapasa, Malindi:

Bwanji osangotenga chigogo chimodzi n'kusema ngati bwato? Makolo athu guluu ankamudziwa?

Fundi wa Maboti:

Chigogo chokhala ndi mtima pakati chimang'aluka kumapeto chikamauma. Taonani mabwato angati pagombe ali ndi zigamba za malata ndi phula kumphuno. Pa bwato lalikulu timapirira, pa kanthu ka mita imodzi mng'alu umodzi watha ntchito. Za a ku Namwera zija n'zabwino. Komabe aphunzitsi asataye thupi lakaleli. Aliumitse, amatenso ndi epoxy, alikute ndi nsalu yopyapyala ya shati yakale yonyowetsa mu resin uja timakonzera maboti a faiba. Likhala lolimba moti mwana angaligwetse osasweka. Koma apakire panja, fungo lake limapweteketsa mutu.

Mayi wa Ziboliboli, Cape Maclear:

Bambo, mlombwawo musauononge chonde. Pangani ziwiri. Ka mlombwako kakhale ka pabalaza, ndipo mukakamaliza mutumize chithunzi pano, alendo kuno amafunsa zinthu ngati zimenezi kuposa mvuu ndi njovu zomwe aliyense akusema. Ka pamadziko zipinda mupange ndi chiwale. Azichimwene anga tili ana ankapanga nacho magalimoto ndi ndege, n'chopepuka ngati phesi ndipo chimadulika ndi lezala. Chimamwa madzi, ndiye penti isachepe.

Agogo a ku Mpondasi:

Nkhani ya kulemera pamwambayi si yamasewera ngakhale pa sitima zenizeni. Aphunzitsi, mukamadutsa pa chipilala cha wotchi pafupi ndi mlatho taimani muwerenge chikumbutso cha sitima ya Viphya. Inamira mu 1946 kumpoto kwa nyanja kukuomba mphepo yamkuntho, anthu 145 anatsikira kulichete. Akuluakulu athu ankati inali yolemera kumwamba. Ilala tikuionayi inayamba kuyenda mu 1951, anaipanga ku Scotland n'kuibweretsa zidutswazidutswa kudzailumikiza ku Monkey Bay. Mulowenso mu Lake Malawi Museum muli pafupipo, za sitima zakale zilimo, mwina mutolako nzeru.

Ndipo ndapota nanu, musakayesere kasitimako mu Shire. Madzi amathamanga, kakathawa mwana adzafuna kukatsatira, ndipo ng'ona za mumtsinjewu mukuzidziwa.

Wokonza Mafoni, Monkey Bay:

Za mota zitheka ankolo. Tengani sipoko ya njinga, ilowe m'chubu cha bolopeni chomwe mwadzazamo girisi kuti madzi asakwere. Chubucho chidutse kumbuyo kwa thupi chopendekera pansi pang'ono, mumate ndi epoxy. Mbali ya mazinga ya sipoko ikhale kunja, pamenepo mumangirepo chopalasira madzi chodula ku chitini, kamutu ka sipoko kaja kagwira ntchito ya nati. Polumikiza mota ndi sipoko gwiritsani kamphira ka valavu ya njinga, kamalola ngakhale zitapanda kuwongoka ndendende. Mabatire agone pansi, ndi katundu wolemera amene a Fundi akunena uja. Popeza remote mulibe, chiwongolero muchikhotetse pang'ono kuti kazizungulira n'kubwerera, koma mumangirebe twaini. Kakamabwerera m'mbuyo musadandaule, mungosinthanitsa mawaya.

Mphunzitsi Wopuma:

Ndabweranso abale. Dzulo ndinalimba mtima n'kukanganula zipinda zija. Thupi lokha layandama chilili, a Fundi munanena. Mchenga ndakayezetsa kwa mayi wogulitsa chimanga, wakwana makilogalamu 3 ndi theka. Zipinda za mlombwa pazokha zapitirira makilogalamu 2, ndiye ndaona ndekha. Ndaziika pa kabati, mayi a ku Cape mudzaona chithunzi. Thupi lili pamthunzi likuuma, epoxy ndigula ndikalandira.

Kwatsala mlandu umodzi. Mwini sitima wavomera zipinda za chiwale, koma chumuni wakana. Akuti ya mlombwayo ndi imene anathandiza kupala ndi sandipepa, ndipo wagona nayo pansi pa pilo kuopa kuti ndingaisinthe usiku. Ingakhalepo yokhayo?

Fundi wa Maboti:

Igobeni mkati mpaka itsale ngati chikho, muonjezere bawuti imodzi pansi. Ikhalapo.