Mwana wosadziwa Chifalansa angakwanitse sukulu ya zilankhulo ziwiri?

Makolo anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kulembetsa mwana wanga wamkazi wa zaka 7 pasukulu ya intaneshonolo yomwe amaphunzitsa m'Chingerezi ndi m'Chifalansa. Chingerezi amayankhula bwino ndithu, koma Chifalansa sadziwa ngakhale moni. Akuti masamu amaphunzitsa m'Chifalansa, ndipo apa ndi pamene mutu wanga waima. Mwanayu masamu ochotsera amamuvuta kale, nanga funso lenilenilo adzalimva bwanji? Inu amene munadutsamo, ana anu anayamba kutsatira bwino patapita nthawi yaitali bwanji? Ankawaphunzitsa chilankhulocho padera, kapena anangowasakaniza ndi anzawo kuti azitolera okha?

Chinanso, sukuluyi imatsata pulogalamu ya maphunziro ya m'mayiko ambiri yotchedwa IB (International Baccalaureate), gawo lake la pulayimale lotchedwa PYP, la ana a zaka 3 mpaka 12. Tikadzasamuka n'kupeza sukulu yotsata pulogalamu ya ku Britain ya Cambridge yokha, kusinthako kumasokoneza mwana?

Pafomu akufuna satifiketi yakubadwa, khadi la katemera ndi malipoti a kusukulu yakale. Zimenezo ndili nazo. Koma akutinso amuyesa kaye asanamulandire. Mwana wamng'ono chonchi amamufunsa zotani? Sindikufuna kumuchititsa mantha ndi zokonzekera zambirimbiri.