Injini ya kandege ikukana kuzima, vuto ndi kabuleta?

ndege46: Akuluakulu thandizeni. Ndili ndi injini ya O.S. 46 AX pa kandege kanga ka limoti, ndikatseka throttle (kolowetsera mpweya mu injini) mpaka kumapeto injini siyizima ayi imangolirabe, pa idling imakwera yokha kenako nkutsika, mutu nawo ukutentha heve. Nidulo yosetera mafuta olowa mu injini ndapotokola mpaka ndatopa palibe chikusintha. Ndiyambire pati?

mkulu_glow: Isiyeni kaye niduloyo achimwene, injini yanuyo ikuba mpweya penapake. Throttle ikatsekeka imayenera kufa chifukwa mpweya ulibe polowera, ndiye ngati ikulirabe ndiye kuti ukulowera kumbali, mafuta akuchepa mpweya nkuchuluka, nchifukwa chake ikutenthanso. Yambani ndi ka O-ring, kalabala kozungulira kapansi pa kabuleta pomwe imakhala pa crankcase (thupi la injini) paja, kakakalamba kamauma nkung'aluka. Ikani katsopano ndipo pomanga bawuti muzidinikiza kabuletayo ndi chala mwamphamvu, anthu ambiri amangomanga osadinikiza ndiye labala sagwira.

pulopela: Musanagule kanthu yezani kaye. Tsekani ekizozi ndi kukamwa kwa kabuleta, pulagi isiyeni pompo, mukaichotsa mpweya ungathawire pabowopo. Pakani madzi a sopo mozungulira kabuleta, pa nidulo ndi pa backplate (chivindikiro chakumbuyo kwa injini), kenako uzirani mu paipi ya mafuta. Pomwe patuluke thovu mpomwepo. Paipi ikhale yatsopano, mafuta a glow omwe injini zimenezi zimamwa muli methanol, si zolowa mkamwa zimenezo. Muonenso mapaipi a silikoni, kabowo kochepetsetsa kamapangitsa timathovu mu laini ya mafuta ndipo zizindikiro zake nzofanana.

ndege46: Thovu likutuluka pa nidulo yaikulu ija komanso pang'ono pansi pa kabuleta. Ndingomata silikoni?

mkulu_glow: Pa nidulo osamata, muzidzaitembenuza bwanji? Dulani kachidutswa ka paipi ya mafuta, muveke pomwe nidulo imalowera kuti kafinye mazinga ake, basi. Pansipo O-ring ndiye mankhwala enieni, silikoni ya RTV yopirira kutentha ndi yongogwirizira ndipo pakani pang'ono zedi, ikalowa mkati itseka njira. Pewani yonunkha ngati viniga ija, imadyetsa zitsulo dzimbiri. Mukamaliza muyambirenso kutchuna, nidulo yaikulu kuzungulira kawiri kuchoka potseka ndiye muzichepetsa pang'onopang'ono, chifukwa zomwe munaseta kale zinali za injini yakuba mpweya, pano ikhala ikumwa mafuta ambiri.