Kodi Torremolinos 73 ndi filimu yoseketsa kapena yomvetsa chisoni?

Nachisale analemba kuti:

Ndaonera filimu ya Chisipanishi yotchedwa Torremolinos 73, yomwe Pablo Berger anatulutsa mu 2003, ndipo ndili ndi funso kwa inu amene munaionera. Ambiri amaitchula kuti ndi yoseketsa, ndipo inenso poyamba ndinaseka, makamaka pamene Alfredo, yemwe amagulitsa mabuku a insaikulopediya khomo ndi khomo, akuuzidwa ndi abwana ake kuti malonda alowa pansi, choncho iye ndi mkazi wake Carmen ayambe kudzijambula okha za kuchipinda ndi kamera ya Super 8, ati kuti anthu a ku Scandinavia, kumpoto kwa Ulaya, akaphunzirepo za kubereka. Koma pofika kumapeto mtima unandiwawa. Kodi Alfredo anakhaladi mmisiri wa mafilimu, kapena anangodyeredwa masuku pamutu pamodzi ndi mkazi wake?

Aphiri a ku Zomba anayankha kuti:

Mayi Nachisale, kuti timumvetse Alfredo tiyenera kukumbukira chaka chimene chili m'dzina la filimuyi. Mu 1973 dziko la Spain linali likadali m'manja mwa wolamulira wankhanza Franco, yemwe anamwalira mu 1975, ndipo boma linkaletsa kapena kudula mafilimu ambiri, mwakuti anthu ena ankawoloka malire kupita ku Perpignan, ku France, kukaonera zimene kwawo zinali zoletsedwa. Banja losauka la m'dziko lotere likupatsidwa ndalama kuti lipangire alendo chinthu chimene lokha silikanaloledwa kuonera. Nthabwala yagona pamenepo, komanso ndi pomwepo pamene pali kudyerana masuku pamutu, chifukwa Carmen akutchuka kumayiko a kumpoto iye osadziwa, pamene phindu lalikulu likupita kwa Don Carlos, mwini kampani.

Wakamera anayankha kuti:

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo sindikuvomereza kuti Alfredo anangogwiritsidwa ntchito basi. Super 8 inabwera ndi Kodak mu 1965 kuti anthu wamba azijambulira za pabanja, ndipo katiriji imodzi ya filimu inkatha m'mphindi zitatu ndi pang'ono, popanda mwayi wofufuta monga timachitira pa foni. Munthu wophunzira ndi chida chotere amakakamizika kuganiza asanadine batani: kuwala kukuchokera kuti, kamera iime pati, chochitikacho chiyambire pati. Javier Cámara, yemwe anasewera ngati Alfredo, anaonetsa bwino kwambiri mmene Alfredo akusinthira, chifukwa pang'ono ndi pang'ono maso ake akuchoka pa ndalama n'kupita pa chithunzi chenichenicho, mpaka akuyamba kutengeka ndi mafilimu a Ingmar Bergman, katswiri wopanga mafilimu wa ku Sweden, ndi kulemba nkhani yakeyake. Akapita kukajambula ku Torremolinos, tauni ya alendo ya m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Málaga, pa nyengo imene mahotela ali pululu, akujambula zakuda ndi zoyera ndi mtima wonse. Zimene akutengera kwa Bergman zikuoneka zopitirira muyeso, n'chifukwa chake timaseka, koma Berger sakumunyoza. Aliyense amene anadziphunzitsa yekha kugwira kamera amadziona mwa munthu ameneyu.

Nangozo anayankha kuti:

Abambo nonse awiri mwalankhula za Alfredo, koma kwa ine mwini filimuyi ndi Carmen, ndipo Candela Peña, yemwe anasewera ngati Carmen, ndiye anandigwetsa misozi. Chimene Carmen akufuna kuyambira pachiyambi ndi mwana, ndipo zikadziwika kuti vuto la kusabereka lili mwa mwamuna wake, nkhani yonse ikutembenuka. Don Carlos akaumirira kuti Carmen agone ndi Magnus, mnyamata wa ku Denmark yemwe anaseweredwa ndi Mads Mikkelsen, ndinakumbukira mwambo wa fisi umene unkachitika kwathu kuno pamene banja lasowa mphatso, kusiyana kwake n'kwakuti kwathu zinkachitika usiku mwachinsinsi, pamene apa mwamuna ali kuseri kwa kamera ndipo ndi iye amene ayenera kulamula kuti kujambula kuyambe. Alfredo akupeza filimu yake, Carmen akupeza mwana wake, koma aliyense walipira ndi chinthu chimene sangathe kuchitchula pamaso pa mnzake.

Nachisale anayankhanso kuti:

Zikomo nonse. Mayi Nangozo, za fisi sindinaziganizire, ndipo zandithandiza kumvetsa chifukwa chake nkhope ya Alfredo pa chochitika chimenecho inandivuta kuiyang'ana. Bambo Wakamera, ndikufuna kuionanso kuti ndione ngati kajambulidwe kake kakusinthadi monga mwanenera. Ndamvanso kuti Berger yemweyo ndiye anapanga Blancanieves mu 2012, yakuda ndi yoyera komanso yopanda mawu olankhulidwa, ndipo ndikufuna kudziwa ngati pali amene anaionera.